Geti Lopanda Waya

Pali anthu amene amagwa chifukwa cha ulesi, ndipo pali ena amene amagwa ali pakati pogwira ntchito ndi mtima wonse. Ngati inu muli m'gulu lachiwirili, ndipo mukuona anthu amene munawatsogolera akukudutsani, khalani pansi muwerenge nkhani ya mayi uyu. Ndineneretu, si nkhani ya munthu woyera mtima.

Pa fakitale ina yopanga nyale zoyendera dzuwa ankamutchula kuti Singano. Dzinali analipeza chifukwa cha manja ake. Tizipangizo tamagetsi tating'ono ngati njere ya mchere, tomwe anzake ankatiwotcherera pabolodi atagwira kaye mpweya, iye ankatikhazika uku akucheza. Zaka khumi ndi zinayi anakhala pa benchi yoyamba, pafupi ndi zenera, ndipo bolodi lochoka m'manja mwake silinkabwerera.

Kenako dzanja lamanja linayamba kunjenjemera. Poyamba ankati ndi kutopa. Adokotala atamuyeza anati ndi matenda a mitsempha, sapha munthu koma sachokanso. Singano anabisa miyezi isanu, kutsamiritsa chigongono pathebulo, kupanikiza dzanja lodwalalo ndi linzake. Tsiku lina m'mawa anawononga mabolodi asanu ndi limodzi motsatizana, mtovu ukungodonthera pomwe sukufunika. Akapitawo anaima kumbuyo kwake akuyang'ana mabolodi owonongekawo.

"A Singano," anatero, mawu ali pansi, "benchi iyi yakutopetsani. Kosungira katundu kukufunika munthu wodziwa zipangizo."

Chipinda chosungira katunducho chinali pansi pa masitepe. Chinalibe zenera, koma kabowo kopatsirapo anthu zinthu ndi mashelefu ofika kudenga. Singano ananyamula kapu yake ndi juzi yake. Atsikana amene iye anawaphunzitsa ntchito anaweramira m'magalasi awo okulitsa zinthu ngati sakumuona. Atafika anatseka chitseko, anakhala pa katoni, n'kumayang'ana dzanja lake likuvina lokha pamwendo.

Zikanathera pomwepo, mwina akanapirira. Koma panali nkhani ya mng'ono wake.

Mng'ono wakeyo anali womaliza kubadwa, ndipo kunyumba aliyense ankamutchula kuti Chitsiriza. Bambo awo atamwalira, Singano ndi amene anasiya sukulu ali folomu yachiwiri n'kukafuna ntchito kuti mwanayo apitirize kuphunzira. Ndi iye amene ankamuchapira yunifolomu. Chitsiriza atamaliza maphunziro a zamagetsi ku koleji n'kukhala chaka chathunthu osapeza ntchito, ndi Singano yemweyo amene anakachonderera akapitawo kuti amulembe. Anamukhazika pa benchi yachiwiri, n'kumugwira dzanja pomuonetsa kagwiridwe ka chowotcherera.

Chaka chimene dzanja linadwala, eni fakitale anaganiza zosiya kugula katchipu kamene kamayang'anira batire m'nyale zawo. Katchipu ndi kachidutswa ka silikoni kosaposa chikhadabo cha mwana, koma m'kati mwake mumakhala matiranzisita masauzande ambiri, tizipangizo totsegula ndi kutseka njira ya magetsi. Anafuna kujambula kawokawo, n'kutumiza chojambulacho kunja kumene kuli makina osindikiza zinthu zotere. Anatsegula chipinda cha magalasi pamwamba, anaitana injiniya wina wachikulire wopuma pantchito kuti atsogolere, ndipo anasankha anthu anayi oti awaphunzitse. Dzina la Chitsiriza linali lachitatu pa pepala lomwe anamata pakhomo.

Sabata imodzi yomweyo, wina anakwera masitepe, wina analowa kunsi kwa masitepe omwewo. M'mawa uliwonse Singano ankamva nsapato zikugunda pamutu pake, ndipo za mng'ono wake ankazizindikira pakati pa nsapato zonse.

Kunyumba ndiye kunali kowawa kuposa. Ankakhala atatu m'nyumba ya zipinda ziwiri: iye, Chitsiriza ndi amayi awo. Mlendo aliyense asanakhale n'komwe ankauzidwa kuti Chitsiriza tsopano akujambula ubongo wa nyale. Singano akadutsa ndi ndowa ya madzi, amayi ankawonjezera kuti uyunso ali komweko, amasunga makiyi. Sankanena mwachipongwe, ndipo kusadziwa kwawo kuti akumulasa ndi kumene kunkapweteka kwambiri.

Nsanje inamulowa ngati chimfine, kuyamba pang'ono kenako thupi lonse. Chitsiriza akagula nsapato zatsopano, Singano ankati zikumuyendetsa ngati bakha. Akabwera pakabowo kudzapempha matiranzisita oyesera, ankamubweza kuti akatenge pepala losainidwa, pomwe ena ankangowapatsa. Tsiku lina Chitsiriza anamubweretsera kampira kofinya kolimbitsira dzanja, kamene anamva kuti kamathandiza. Singano anakakankhira kumapeto kwa tebulo.

"Ndinakupempha?" anatero. "Chifundo chakocho kachigwiritse ntchito kumwambako."

Loweruka lina m'mawa, Chitsiriza atapita kumsika, Singano akusesa anapeza makope ake atatu pansi pa tebulo. Ndikanakonda kukuuzani kuti anawatsegula chifukwa cha ludzu la maphunziro, koma lingakhale bodza. Anawatsegula kuti apezemo cholakwa choti adzamusekere nacho pamaso pa amayi.

Tiranzisita ankaidziwa monga mmene munthu amadziwira batani la malaya ake: kanthu kakuda ka miyendo itatu, kamene anakagwira kambirimbiri. Koma m'makopemo munali mizere yokhotakhota, timabokosi topakidwa mitundu, ndi mawu atatu obwerezabwereza: geti, sosi, direni. Sanamvetse ngakhale tsamba limodzi. Anabwezera makopewo mmene analili. Kamwana kamene iye ankakapukuta mamina kankadziwa m'kati mwa chinthu chomwe iye anachigwira zaka khumi ndi zinayi n'kumangochidziwa kunja kokha.

Ainjiniya achikulire aja anali ndi chizolowezi chotsika okha kudzatenga zipangizo. Ankati masitepe ndiwo dokotala wawo wa mawondo. Tsiku lina Singano akuwapatsa kathumba, ananena ngati wongocheza kuti pali munthu wina amene amafuna kudziwa ntchito ya geti. Ainjiniya anamuyang'ana pamwamba pa mandala n'kufunsa ngati munthu winayo ali ndi mphindi khumi.

Analowa m'chipindamo. Anapempha galasi la nyale yowonongeka, misomali iwiri, maginito, ndi utuchi wa chitsulo umene umagwa anthu akamapala zitsulo. Anawaza utuchiwo pamwamba pa galasi, n'kugoneka misomali ija motalikirana pang'ono, wina uku wina uku. Anati msomali woyamba ndi sosi, kumene magetsi amachokera, osati sosi wa m'botolo. Wachiwiri ndi direni, kumene amakathira. Pakati pake utuchi unali wongomwazikana, ndipo anati mmene zililimu magetsi alibe powolokera.

Kenako analowetsa maginito kunsi kwa galasi. Utuchi unathamangirana, n'kufola mzere kuchoka pa msomali uwu kukafika pa uwo.

"Maginito akhudza utuchi?" anafunsa.

"Ayi. Pali galasi pakati."

"Limenelo ndilo geti. Silikhudza njira, limangoitana lili kuseri kwa galasi. Kungoti m'tiranzisita simukhala maginito. Timaika mphamvu ya magetsi pageti, mphamvuyo imakoka timagetsi ta m'silikoni, timasonkhana pafupi ndi galasi n'kupanga mlatho. Mukachotsa mphamvu, mlatho umabalalika."

Anatsitsa maginito pang'ono, utuchi unangogwedezeka osalumikizana. Anati mphamvu ikachepa mlatho sukwanira, pali mlingo woti ipitirire kuti tiranzisita itseguke. Mlatho ukakhala wotakata ndiponso waufupi, magetsi amawoloka ambiri, ndipo ntchito yaikulu ya kumwambako ndi kusankha kutakata ndi kutalika kwa mlatho uliwonse. Za galasi la m'tiranzisita anati n'lopyapyala moti tsitsi la munthu lingaoneke ngati chipika pambali pake.

Singano anakumbukira lamba wapamkono amene owotcherera onse amavala, wokhala ndi waya wopita pansi. Zaka zonsezo ankamuvala chifukwa ndi lamulo basi. Anafunsa ngati chifukwa chake n'chimenechi: kuti kamagetsi kamene kamathetheka munthu akamavula juzi kangaboole galasi lopyapyala chonchi.

Ainjiniya anasiya zomwe ankachita. Anati pa ophunzira awo anayi palibe amene anadzifunsa funso limeneli, ndipo munthu wina uja akafuna azisunga mafunso ake, iwo azitsika pa nthawi ya nkhomaliro.

Pa ophunzira anayi. Pa zonse zimene anamva tsikulo, mawu amenewa ndi amene Singano anapita nawo kunyumba. Madzulo anamuyang'ana Chitsiriza akudya, chamumtima n'kumati, ngakhale iwe sunadzifunse.

Anayamba choncho, ndipo anapitiriza chaka chathunthu. Kulemba ndi dzanja lamanja kunali kosatheka, ndiye anaphunzitsa lamanzere, zilembo zikuluzikulu ngati za mwana wa sitandade yoyamba, kuseri kwa makatoni akale. Anaphunzira kuti matiranzisita a geti alipo a mitundu iwiri. Ina imatseguka geti likapatsidwa mphamvu, ina imatseguka mphamvu ya pageti ikatsitsidwa mpaka ziro. M'katchipu amawaika awiriawiri, ina pamwamba ina pansi, mageti awo atamangidwa pa waya mmodzi, kuti ina ikatseguka inzake itseke. N'chifukwa chake katchipu kongokhala sikadya batire: nthawi zonse imodzi mwa ziwirizo imakhala itatseka njira.

Anaphunziranso kuopsa kwa geti losiyidwa lopanda waya. Geti lotero, losauzidwa kuti likwere kapena litsike, limangotola mphamvu zoyendayenda n'kukaima pakati. Zikatero matiranzisita onse awiri amatseguka pang'ono, magetsi n'kumadontha osaleka. Singano atamva zimenezi anakumbukira nyale zomwe zinkabwezedwa ndi ogula kuti zikutha batire zili zozimitsa, ndipo akaziyang'ana ankapeza mwendo umodzi wa katchipu sunagwire mtovu. Zinthu zomwe manja ake ankazidziwa kalekale zinayamba kupeza mayina m'mutu mwake.

Chitsiriza sanachedwe kuona kuti makope ake akusuntha okha. Tsiku lina akutsuka mbale ananena mwamantha kuti ngati achemwali akufuna, angathe kumawathandiza Lamlungu lililonse.

"Ine ndinakuphunzitsa kugwira supuni," anayankha Singano. "Lero iwe ukhale mphunzitsi wanga?"

Chitsiriza sananenenso. Anangoyamba kuiwala makope ake patebulo kawirikawiri, ndipo Singano ankadana nazo kuti akudziwa chifukwa chake.

Patatha chaka ndi miyezi iwiri chojambula cha katchipu chinatha. Chinali choti chitumizidwe Lachisanu. Chojambula chotere chikapita chapita: makina akunjawo amasindikiza zomwe mwawapatsa, katchipu kamabwera patatha miyezi inayi, ndipo m'kati mwake simulowa chowotcherera. Eni fakitale ananeneratu kuti mwayi ndi umodzi wokha. Kakalephera, chipinda cha magalasi chitsekedwa, anayi aja aone kolowera.

Lolemba madzulo Chitsiriza anabwera ndi chipepala chachikulu cha gawo lake n'kuchiyala patebulo kuti achiyang'ane komaliza. Mvula inayamba kuwaza, amayi anamuitana kuti akawathandize kuanula zovala. Singano anasendera patebulopo. Anatsata mizere ndi chala, geti lililonse akulifunsa kuti waya wako ali kuti. Pakona yakumunsi kumanzere anapeza kagulu ka matiranzisita oikidwa kuti adzathandize poyesa katchipu. Mzere wochoka ku mageti awo unayenda pang'ono n'kuthera m'malere. Dzina lolembedwa pamzerewo linasiyana chilembo chimodzi chokha ndi dzina la mzere umene unayenera kulumikizana nawo.

Anayang'ananso kachiwiri, kachitatu. Mtima unagunda mwamphamvu, ndipo chomwe chinaugunditsa chinali chimwemwe. Chitsiriza polowa ndi zovala m'manja, anapeza achemwali ake ali pampando wawo wa nthawi zonse akusenda anyezi.

Lachiwiri lonse Singano analota ali maso. Ankaona katchipu kakubwera, nyale zikutha batire, Chitsiriza akutsika ndi kapu yake m'manja. Ankaona alendo a amayi akufunsa za ubongo wa nyale, amayi n'kusintha nkhani. Anafika poimba m'chipinda chake chopanda zeneracho, mpaka akapitawo anasuzumira pakabowo n'kufunsa ngati kwapezeka wofunsira.

Lachitatu Chitsiriza anabwera pakabowo maso ali ofiira. Anati masiku awiri chakudya sichikutsika. Anazengereza, kenako anafunsa chapansipansi ngati achemwali akuona kuti zitheka.

"Wophunzira si iwe?" anatero Singano, n'kutembenukira kumashelefu.

Koma madzulo a tsiku lomwelo ganizo lina linamusokoneza. Katchipu kakadzalephera patatha miyezi inayi, adzadziwa ndani kuti mayi wa makiyi anachiona cholakwacho poyamba? Palibe. Nsanje yake inkafuna mboni. Anamva kuti Lachinayi m'mawa kuli msonkhano womaliza, eni fakitale adzakhalapo, aliyense wa anayi aja adzafotokoza gawo lake. Anaganiza zokanena kumeneko.

Lachinayi anakwera masitepe aja koyamba, makiyi akulira m'thumba. Kudzera pagalasi anaona Chitsiriza ataima kutsogolo, chojambula chake chikuwala pakhoma. Anagogoda, n'kulowa asanauzidwe.

"Pepani mabwana," anatero. "Pakona yakumunsi kumanzere pali mageti opanda waya. Nyale zanu zizidzatha batire zili m'katoni."

Mmodzi wa ophunzira aja anaseka, nati kompyuta imayang'ana zonsezo. Ainjiniya sanaseke. Analamula kuti atsegule mndandanda wa machenjezo a kompyutayo. Analipo oposa mazana atatu, ambiri osaopsa, ndipo chifukwa cha changu gulu linawavomereza onse pamodzi. Anawawerenga limodzilimodzi. Chenjezo la nambala 212 linkanena ndendende zomwe Singano ananena.

Chitsiriza anayang'ana pakhoma nthawi yaitali, anati ndi zoona, n'kukhala pansi osayang'ana munthu. Eni fakitale anafunsa kuti mayiyu ndi ndani. Singano anatuluka akumva ngati watalika.

Sanafike pansi. Ainjiniya anamupeza pakati pa masitepe.

"Munachiona liti?"

"Lolemba."

"Lero ndi Lachinayi. Ndipo mumagona nyumba imodzi ndi mwini gawoli."

Singano anaweramitsa mutu, ainjiniya n'kupitiriza.

"Mayi, maso muli nawo kuposa onse amene ndawaphunzitsapo. Koma wolakwitsa sindimuopa, tonse timalakwitsa. Ndimaopa munthu amene amaona cholakwa n'kuchisunga m'thumba masiku atatu. Kumwamba kuno sindingakutengeni."

Kukonza cholakwacho kunatenga mphindi makumi awiri, ndipo chojambula chinapita Lachisanu monga anakonzera. Koma Chitsiriza anasiya kulankhula ndi mkulu wake. Ananyamula matilesi ake n'kukawayala m'chipinda cha amayi. Amayi atamva mmene zinayendera sanakalipe. Anangomuyang'ana Singano n'kunena kuti iwo ankayesa dzanja lokha ndi limene likudwala.

Pansi penipeni panali pamenepa, osati tsiku limene anachoka pa benchi. Tsiku lija akanatha kuloza matenda. Tsopano analibe choloza. Masabata awiri sanakhudze makatoni ake olembapo. Ainjiniya ankatsikabe kudzatenga zipangizo, ankamupatsa moni mwaulemu, koma sankakhalanso. Singano anaganizapo zosiya ntchito n'kupita kutali kumene palibe womudziwa.

Lamlungu lina m'mawa Chitsiriza ankachapa kuseri kwa nyumba. Singano anazungulira kawiri ngati akufuna tsache, kenako ananjuta pambali pa beseni.

"Ndinachiona Lolemba," anatero. "Ndinkafuna ugwe."

"Ndikudziwa, achemwali. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti mumadana nane chonchi."

"Sindidana nawe. Ndimafuna malo ako. Ndimafuna manja ako. Ndikakuona ndimaona zonse zimene ndikanakhala."

Chitsiriza anachapabe, misozi ikugwera m'thovu. Kenako ananena zomwe anazisunga zaka zambiri: kuti chiyambire sukulu sanasangalalepo ndi mayeso alionse amene anakhoza, chifukwa nthawi zonse ankadziwa amene anasiya sukulu kuti iye akhale pa desiki. Singano anali asanaganizepo kuti katundu ameneyu amalemera mbali zonse ziwiri. Patapita kanthawi Chitsiriza anatulutsa bulangete m'madzi n'kumupatsa mbali imodzi kuti afinyire limodzi.

Akuyanika, Singano ananena chinthu chovuta kuposa kupepesa. Anati masamu a matiranzisita akumukanika, ainjiniya amathamanga, ndipo ngati Lamlungu lija likadalipo akulifuna.

Kukhala patebulo ngati mwana wasukulu, mng'ono wake atagwira cholembera chofiira, kunamuwawa sabata iliyonse. Nthawi zina ankadzuka pakati pa phunziro n'kupita panja kukapuma mpweya. Koma ankabwerera.

Miyezi inayi itakwana katchipu kanabwera, ndipo kanagwira ntchito. Nyale yoyesera inakhala mwezi wathunthu pashelefu batire lili chidzadzire. Eni fakitale anamukweza Chitsiriza kukhala wachiwiri kwa ainjiniya. Singano anaomba nawo m'manja, ndipo ali mkati moomba anamva nsanje ija ikumuluma pachifuwa monga kale. Panjira yobwerera kunyumba anamuuza mng'ono wake kuti lero yandilumanso. Chitsiriza anafunsa ngati yaluma kwambiri kapena pang'ono, ndipo onse awiri anaseka.

Singano analembetsa mayeso a satifiketi ya zamagetsi. Ulendo woyamba anagwa masamu. Wachiwiri ankadziwa mayankho, koma dzanja lamanzere linkalemba mochedwa, nthawi inatha ali pakati pa pepala. Anabwera kunyumba n'kugona chafufumimba masana onse. Mawa lake anakatenga kalata kwa adokotala, n'kulembera oyang'anira mayeso kuwapempha kuti amulole kuyankhira pa kompyuta. Anakana. Analembanso. Pa kalata yachitatu anavomera, ndipo mayeso achitatu anakhoza.

Nthawi yonseyi ainjiniya ankamuyesa mwanjira yawo. Anayamba kusiya mapepala a zojambula pakabowo osanena kanthu. Singano akapeza cholakwa sankadikiranso msonkhano. Ola lomwelo ankakwera, n'kukanong'oneza mwini gawolo yekha, n'kutsika. Kangapo anapeza zolakwa za mnyamata uja anamuseka, ndipo Mulungu yekha ndiye akudziwa mmene lilime linkamuyabwira kuti akanene pagulu. Sananene.

Patatha zaka zitatu chichokere pa benchi, ainjiniya anatsika tsiku lina opanda kathumba kotengera zipangizo. Anamuuza kuti apereke makiyi kwa akapitawo, kumwamba kuli mpando.

Lero Singano ndi amene amayang'ana chojambula chilichonse chisanatumizidwe kunja. Amagwiritsa ntchito kompyuta ndi dzanja lamanzere, lamanja lili pamwendo likuchita zake. Ainjiniya achikulire anapumadi, ndipo bwana wa chipinda cha magalasi ndi Chitsiriza. Kuntchito Singano amamuti bwana, pakhomo amamutuma kukagula sopo. Ophunzira atsopano amamuopa pang'ono chifukwa saphonya kanthu, koma amamukonda chifukwa cholakwa chawo amachimva kwa iye asanachimve kwa wina aliyense. Mukamufunsa ngati nsanje inatha, amakuuzani kuti ayi, imabwerabe, kungoti masiku ano amaiona ikadali patali ndipo saipatsa mpando.

Mwina inunso pali munthu amene mukamva kuti zamuyendera, chakudya chimasiya kukoma. Mwina ndi mng'ono wanu, mwina ndi amene munamulandira pantchito tsiku lake loyamba. Sindikuuzani kuti ndinu munthu woipa. Nsanjeyo ikukuonetsani chinthu chimene mtima wanu ukufuna, koma njira yokafikirako siidziwa, ndipo mukaitsatira idzakuimitsani pamalo amodzi mukudikira kugwa kwa mnzanu. Kugwa kwake sikudzakukwezani ngakhale phazi limodzi.

Thupi likakukanikani mbali ina, phunzitsani mbali yotsalayo. Mukagwa mayeso, kalembetseninso. Mukalakwira munthu, pitani mukanene ndi pakamwa panu. Ndipo mawa m'mawa, munthu amene mumamuchitira nsanjeyo kamugogodereni, mukamupemphe kuti akuphunzitseni zimene akudziwa. Zidzakuwawani, koma simudzafa nazo.

Osataya mtima, abale anga. Mtimawo ukhale wothimbirira bwanji, utsukeni mupite nawo patsogolo.